SSH ikamaduka muli pa ulendo: pofunika kuyang'ana ndi zofunika kukonza

Aliyense amene amasamalira maseva akutali, makompyuta amene amatumikira ena pa intaneti, pogwiritsa ntchito laputopu amalidziwa vutoli. Mwalowa mu seva ndi SSH, njira yotetezeka yolowera mu kompyuta yakutali, mwalemba malamulo angapo, mwatembenuka pang'ono kuti muyankhe foni, ndipo pobwerera mukupeza kuti terminal, windo lolemberamo malamulo, yaima njii. Mukadina batani lililonse palibe chimene chikuoneka. Pakapita nthawi pamatuluka mzere umodzi wakuti `client_loop: send disconnect: Broken pipe`, ndipo ntchito imene munaisiya ikuyenda yafera panjira. Ine ndimakhala ku Lusaka, koma ntchito imandiyendetsa kawirikawiri pa msewu wa Great East kupita ku Chipata, ulendo wa makilomita oposa 500, pamene maseva amene ndimayang'anira ali ku Johannesburg ndi ku Frankfurt. Pa maulendo amenewa ndaona kuti mawu akuti "yaduka" amabisa mavuto angapo osiyana, ndipo munthu amataya maola ambiri akamapereka mankhwala a vuto lina pa vuto lina.

Choyamba kumvetsa ndi chakuti SSH imayenda pa TCP, njira imene makompyuta amatumizirana mauthenga pa intaneti, ndipo TCP imazindikira kulumikizana kulikonse ndi zinthu zinayi: adilesi ya IP ya mbali yanu, poti (nambala ya khomo) ya mbali yanu, adilesi ya seva, ndi poti ya seva, imene nthawi zambiri ndi 22. Chimodzi mwa zinayizi chikasintha, seva imaona amene akulankhula nayo ngati mlendo, ndipo kulumikizana kwakale sikungapitirire. Munthu wa mu ofesi, amene kompyuta yake ili pa waya, angathe mlungu wonse adilesi yake isanasinthe. Ya wapaulendo imasintha kangapo tsiku limodzi: akachoka pa Wi-Fi ya malo odyera ku Kabulonga mu Lusaka n'kulowa pa hotspot ya foni, foni ikataya netiweki kwa nthawi yaitali n'kuipezanso, akasintha SIM, kapena akawoloka malire pa Mwami kulowa ku Mchinji. Kuduka kotereku simungakuletse ndi makonzedwe alionse a SSH. Chimene chili m'manja mwanu ndi kuonetsetsa kuti kukachitika kusawononge ntchito, ndiponso kuti muzitha kubwereramo mwamsanga.

Terminal ikauma, simufunika kutseka windo kapena kudikira. Dinani Enter, kenako chizindikiro cha ~, kenako kadontho. Mabatani atatuwa, motsatizana, amauza pulogalamu ya SSH ya pa laputopu yanu kuti itseke kulumikizanako nthawi yomweyo. Ctrl+C sikuthandiza pamenepa, chifukwa iyo imatumizidwa ku seva imene simukuifikanso.

Mtundu wofala kwambiri wa vutoli ndi wakuti kulumikizana kumaduka mukangokhala osalemba kanthu kwa mphindi zochepa, ngakhale simunasunthe pamene mwakhala. Chifukwa chake chimakhala pakati pa inu ndi seva. Makampani ambiri a mafoni padziko lonse amagawira makasitomala ochuluka adilesi imodzi ya panja kudzera mu njira yotchedwa NAT, ndipo rauta ya pa malo ogona alendo imachitanso chimodzimodzi. Chipangizo chochita NAT chimasunga mndandanda wa amene akulankhula ndi amene, ndipo pofuna kuti mndandandawo usadzaze, chimafufuta mzere uliwonse umene wakhala chete. Chikafufuta sichiuza laputopu yanu, sichiuzanso seva, n'chifukwa chake terminal imangouma popanda uthenga. Linux ili ndi njira yakeyake yofunsira ngati mnzake akadalipo, koma mwachibadwa imadikira masekondi 7200, amene ndi maola awiri athunthu, isanafunse koyamba, ndipo pofika nthawiyo mzere wanu unafufutidwa kalekale.

Kukonza kwake n'kosavuta. Mu fayilo ya `~/.ssh/config` pa laputopu yanu lembani izi:

```
Host *
    ServerAliveInterval 30
    ServerAliveCountMax 4
```

Mzere woyamba ukutanthauza kuti pakapita masekondi 30 popanda chochokera ku seva, SSH itumize kauthenga kakang'ono kopempha yankho, ndipo kauthengako n'kokwanira kuti NAT ione kuti kulumikizanako kukugwirabe ntchito. Mzere wachiwiri ukutanthauza kuti mauthenga anayi akapanda kuyankhidwa, SSH itseke yokha, ndiye kuti mudzadziwa pakangotha mphindi ziwiri kuti kwaduka. Pali kanthu kamodzi kamene ambiri sakaganizira. TCP imatha kupirira kusowa kwa netiweki kwa kanthawi ngati adilesi sinasinthe, choncho mukaika manambala aang'ono kwambiri, monga masekondi 5 ndi maulendo awiri, mudzakhala mukudula nokha kulumikizana kumene kukanachira basi ikangotuluka m'chigwa. Pa msewu wa kummawa ndimaona kuti mphindi ziwiri ndi muyezo wabwino.

Makonzedwe amenewa amachepetsa kuduka, koma sateteza ntchito imene ikuyenda. Seva ikazindikira kuti mwachoka, imatseka terminal yanu ya kumeneko, ndipo mapulogalamu amene anali kuyendera pa terminal imeneyo amalandira chizindikiro chotchedwa SIGHUP, chimene chimaimitsa ambiri a iwo pomwepo. Ndinaliphunzira phunziroli tsiku lina m'basi yochokera ku Intercity, siteshoni ya mabasi ya ku Lusaka, laputopu ili pamiyendo, foni ili m'thumba la malaya ikugawa intaneti. Titapitirira Rufunsa ndinayamba kubwezeretsa database kuchokera mu fayilo yaikulu, ndikuwerengera kuti ntchitoyo itha m'mphindi 20. Msewu utayamba kutsikira ku mlatho wa Luangwa, timizere ta netiweki pa foni tinachepa kamodzikamodzi mpaka tonse tinatha. Titaima pa msika wa pafupi ndi mlathowo, pamene amayi amagulitsa nsomba zouma ndi madengu, ndinalowanso mu seva ndipo ndinapeza matebulo ena alipo, ena palibe, ndipo tebulo limodzi lili ndi theka la mizere yake. Cholakwa chinali changa, ndipo ndinayenera kufufuta zonse n'kuyambiranso usiku ndili ku Chipata, anthu amene ankadikira dongosololo atataya tsiku lonse.

Kuyambira pamenepo sindiyamba ntchito iliyonse pa seva kunja kwa tmux, ndipo ndikupempha aliyense woyenda kuti achite chimodzimodzi, ngakhale ntchitoyo ioneke yaifupi. Tmux ndi pulogalamu imene imakhala pa seva n'kusunga terminal yanu kumeneko, kotero kuti laputopu imangokhala windo loonerapo. Windolo likatsekeka, terminal ndi zonse zimene zikuyendamo zimapitirira. Mukangolowa mu seva lembani `tmux new -A -s ntchito`. Lamuloli limatsegula gawo lotchedwa ntchito ngati kulibe, ndipo ngati lilipo kale limakubwezerani momwemo, n'kukuonetsani sikirini monga mmene ilili tsopano. Pofuna kuchoka mwadala, dinani Ctrl+b kenako d. Kuti musadalire kukumbukira, lowani ndi lamulo limodzi lakuti `ssh -t dzina@seva tmux new -A -s ntchito`, mukuika dzina lanu lolowera ndi adilesi ya seva yanu m'malo mwa dzina ndi seva. Ngati seva ilibe tmux koma ili ndi screen, nayonso imagwira ntchito yomweyo. Ngakhale pulogalamu yokwezera Ubuntu kupita pa mtundu watsopano, ya `do-release-upgrade`, imadziika yokha mu screen ndipo ikaona kuti mwalowa ndi SSH imatsegula khomo lina pa poti 1022, chifukwa amene anailemba ankadziwa kuti kuduka pakati pa ntchito yotere n'koopsa.

Ngati mwadukidwa kale mukukweza mapulogalamu ndi apt, chida choikira mapulogalamu pa Ubuntu, kunja kwa tmux, mukabwerera mungapeze uthenga wakuti `Could not get lock`. Musathamangire kufufuta fayilo ya loko. Yambani mwaona ndi `ps aux | grep -E 'apt|dpkg'` ngati ntchito yakale ikadali yamoyo, chifukwa nthawi zina imakhala ikumalizabe, ndipo nthawi zina imakhala yaima pa funso limene palibe woliyankha. Ikakhala kuti yatha kapena mwaiimitsa mutatsimikiza kuti yaimadi, lamulo la `sudo dpkg --configure -a` limamaliza zimene zinasiyidwa pakati. Pokopera mafayilo aakulu, gwiritsani ntchito `rsync -P` m'malo mwa scp, chifukwa rsync imasunga gawo limene lafika kale ndipo mukaibwereza siyambiranso pachiyambi. Pa bandulo yogula ndi ndalama za m'thumba, kusiyana kumeneku kumamveka.

Tmux imateteza ntchito, koma mumayenerabe kulowanso pamanja nthawi iliyonse. Pa ulendo wa basi, pamene netiweki imabwera ndi kupita maulendo osawerengeka, ndimagwiritsa ntchito mosh, pulogalamu imene Keith Winstein anatulutsa mu 2012 ali ku MIT. Mosh imalowa ndi SSH koyamba kuti itsimikize kuti ndinu, kenako imayambitsa mosh-server pa seva ndi kupitiriza kulankhulana pa UDP, njira ina yotumizira mauthenga yosiyana ndi TCP. Seva imazindikira laputopu yanu ndi kiyi yachinsinsi ya gawolo, ndipo uthenga wovomerezeka ukafika kuchokera ku adilesi yatsopano imayamba kuyankha ku adilesi imeneyo. Mungatseke laputopu ku Nyimba, n'kuitsegula ku Katete pa netiweki ina, ndipo terminal imadzuka yokha. Netiweki ikasowa, pamwamba pa sikirini pamaoneka mzere wonena nthawi imene yapita chilankhulirane ndi seva, choncho simukhala mukuganizira ngati kwaduka kapena ayi.

Ubwino wina wa mosh umaoneka kwambiri kwa ife a ku Zambia. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, ndipo intaneti yathu imadutsa m'mayiko oyandikana nawo isanafike pa zingwe za pansi pa nyanja. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi imodzi mu chingwe cha fiber, ndipo kuchokera ku Lusaka kukafika ku Frankfurt ndi makilomita oposa 7,000, ndiye kuti kupita ndi kubwera kukanatenga mamilisekondi oposa 70 ngakhale chingwecho chikanakhala chowongoka, pamene zingwe zenizeni zimazungulira. Pa SSH chilembo chilichonse chimene mwadina chimayamba chapita ku seva n'kubwerako musanachione. Mosh imachionetsa nthawi yomweyo, ndipo pa netiweki yochedwa imachidula mzere kunsi mpaka seva itatsimikiza. Seva ya ku Johannesburg, imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,200, siivuta chotere, ndipo ngati muli ndi mwayi wosankha kumene seva yatsopano ikhale, ganizirani mtunda umenewu.

Mosh nayo ili ndi mavuto ake. Iyenera kuikidwa mbali zonse ziwiri. Ikalowa bwino koma n'kulemba kuti `Nothing received from server on UDP port 60001`, ndiye kuti mapoti a UDP ndi otseka, ndipo muyenera kutsegula 60000 mpaka 61000 pa firewall ya seva, imene imalola kapena kutseka mapoti, mwachitsanzo ndi `sudo ufw allow 60000:61000/udp`, komanso pa firewall ya kampani imene ikusunga sevayo ngati ilipo. Ikadandaula za UTF-8, konzani locale ya pa seva, makonzedwe ake a chinenero ndi zilembo. Mosh siisunga mizere imene yadutsa pamwamba pa sikirini ndipo siichita port forwarding, ndiko kupanga ngalande yolumikiza poti ya mbali ina ndi ya mbali inayo, choncho ndimaiphatikiza ndi tmux nthawi zonse, ndipo pa ntchito yofuna ngalande ya poti ndimabwerera ku SSH ndi autossh, imene imalumikizanso yokha kukaduka.

Tsopano tifike pa vuto lina, la kulephera kulowa kumene. Apa kuona maso a nkhono n'kudekha: werengani uthenga umene SSH yapereka musanasinthe kanthu, ndipo ngati suli womveka bwerezani ndi `ssh -v` kuti muone pamene ikuimira. Uthenga wakuti `Could not resolve hostname` ukusonyeza kuti laputopu sinapeze ngakhale adilesi ya seva, ndiye kuti vuto lili pa DNS, imene imasandutsa dzina la seva kukhala adilesi, kapena mulibe intaneti n'komwe. Wakuti `Connection refused` ukusonyeza kuti uthenga wanu wafika penapake n'kukanidwa, kawirikawiri chifukwa sshd, pulogalamu ya pa seva yolandira SSH, yaima kapena mwalemba poti yolakwika. Wakuti `Connection timed out` ndiye wovuta, chifukwa ukutanthauza kuti palibe chimene chayankha, ndipo chimene chikumeza mauthenga anu chingakhale paliponse panjira.

Pa Wi-Fi ya hotela, ya malo ogona alendo kapena ya pa bwalo la ndege, yambani mwakayikira tsamba lolowera. Laputopu imasonyeza kuti yalumikizidwa, koma rauta siilola chilichonse kudutsa mpaka mutatsegula browser n'kulemba nambala ya vocha kapena kuvomereza malamulo. Tsambalo likakana kutuluka, tsegulani tsamba la http wamba monga neverssl.com, chifukwa masamba a https salola kupatutsidwa mosavuta, ndipo ngati VPN yanu, ngalande yachinsinsi yodutsa pa intaneti, ndi yoyatsa izimitseni kaye. Mavocha ambiri amatha ndi nthawi, choncho SSH ikafa mwadzidzidzi pakatha ola limodzi ndendende, onaninso tsambalo.

Mukadutsa pamenepo ndipo masamba akutseguka koma SSH ikukanabe, yesani kuyezera kumodzi kumene kumagawa vutoli pakati: chokani pa Wi-Fi, lowani pa hotspot ya foni, n'kuyesanso. Ikalowa pa foni, ndiye kuti Wi-Fi ija imatseka poti 22, monga amachitira malo ena amene amangolola mapoti a masamba. Lamulo la `nc -vz seva 22` limatsimikiza zimenezi m'masekondi ochepa. Njira yokhalitsa ndi kukonzeratu musananyamuke kuti sshd izimvetsera pa poti 443 kuwonjezera pa 22, ngati pa seva imeneyo palibe web seva yogwiritsa kale ntchito potiyo, kapena kukhala ndi seva imodzi yaing'ono yodutsirapo n'kumalowa ndi `ssh -J`. Ndinene pano kuti pa netiweki ya ofesi ya anthu ena, ngati atseka poti mwadala, ulemu ndi kupempha woyang'anira netiweki kapena kugwiritsa ntchito foni yanu.

Ikakana pa Wi-Fi ndi pa foni pomwe, yang'anani mbali ya seva. Maseva ambiri amakonzedwa kuti azilandira SSH kuchokera ku adilesi ya ofesi yokha, ndipo munthu amaiwala zimenezi mpaka tsiku limene ali kutali. Lamulo la `curl ifconfig.me` limakuonetsani adilesi imene dziko likukuonerani, koma kuiwonjezera pa firewall kumathandiza kwa kanthawi kochepa chabe, popeza pa netiweki ya foni idzasintha. Chinanso ndi fail2ban, pulogalamu yoteteza seva, imene mwachibadwa imatsekera adilesi kwa mphindi 10 ikaona kulephera kulowa kasanu m'mphindi 10. Popeza adilesi ya panja mumagawana ndi anthu ena ambiri, mungatsekeredwe chifukwa cha zochita za munthu amene simukumudziwa. Kuzimitsa ndi kuyatsanso data ya foni nthawi zina kumakupatsani adilesi ina, ndipo mukalowa, `sudo fail2ban-client status sshd` imaonetsa amene atsekeredwa. Pa maseva amene ndimawadalira kwambiri ndinaika WireGuard, mtundu wina wa VPN, kotero kuti laputopu ili ndi adilesi imodzi ya mkati kulikonse kumene ndili, ndipo firewall imangokhulupirira adilesi imeneyo. WireGuard imayenda pa UDP ndipo imatsatira laputopu ikasintha netiweki, zimene zimathandiza kuti ngakhale SSH wamba ipulumuke kusintha kwa adilesi ya panja. Mzere wa `PersistentKeepalive = 25` m'makonzedwe a WireGuard umaletsa NAT kuiiwala.

Mauthenga okhudza makiyi ndi osavuta kuwamasulira. `Too many authentication failures` imabwera pamene laputopu ili ndi makiyi ambiri ndipo ikuwapereka limodzilimodzi, pamene seva mwachibadwa imalola kuyesa kasanu ndi kamodzi basi. Lembani `IdentityFile` yoyenera ndi `IdentitiesOnly yes` pansi pa dzina la seva imeneyo mu config. Ngati SSH ikukana kiyi chifukwa fayilo yake ndi yotseguka kwa ena, zimene zimachitika mukaikopera kudzera pa flash, `chmod 600` imakonza.

Pali uthenga umodzi umene ndikufuna kuti muuope. Ukatuluka wa zilembo zazikulu wakuti `REMOTE HOST IDENTIFICATION HAS CHANGED` muli pa Wi-Fi yachilendo, imani. Tanthauzo lake ndi lakuti chimene chayankha chili ndi kiyi yosiyana ndi ya seva imene laputopu yanu inaisunga mu fayilo ya known_hosts. Kungakhale kuti seva inamangidwanso, koma kungakhalenso kuti pali chipangizo chimene chaima pakati. Mnzanga wina wa ku Chilenje mu Lusaka anandiimbira madzulo ena ali pa malo ogona alendo, n'kunena kuti, "Achimwene, seva ikundikana, ndingofufuta known_hosts?" Ndinamuyankha kuti, "Ayi achimwene, yambani mwayesa pa foni." Pa foni inalowa popanda chenjezo, ndipo zimenezo zinasonyeza kuti seva sinasinthe, chimene chinkamuyankha pa Wi-Fi ija chinali china. Ngati chenjezo likupitirira pa netiweki iliyonse, lowani pa console ya kampani yosunga seva, imene imakulowetsani mu seva popanda SSH, lembani `ssh-keygen -lf /etc/ssh/ssh_host_ed25519_key.pub`, n'kuyerekeza chidindo chimene chatuluka ndi chimene SSH ikukuonetsani. Zikafanana, pamenepo ndiye chotsani kiyi yakale ndi `ssh-keygen -R seva`.

Vuto limene linandisokoneza nthawi yaitali kuposa onse ndi la kukula kwa mapaketi, tizidutswa timene uthenga umagawidwamo pa netiweki. Zizindikiro zake n'zachilendo: mumalowa bwinobwino, malamulo aafupi monga `pwd` amayankha, koma mukalemba `ls -l` pa foda yaikulu kapena mukatsegula `top`, terminal imauma. Nthawi zina imauma polowa penipeni, ndipo `ssh -v` imaima pa mzere wakuti `expecting SSH2_MSG_KEX_ECDH_REPLY`. Chimene chikuchitika ndi chakuti mapaketi aang'ono akudutsa pamene aakulu akutayidwa. Netiweki wamba imanyamula mabayiti 1500 pa paketi, koma VPN kapena ngalande ina iliyonse imadya gawo la malowo, ndipo ngati mauthenga ochenjeza za kukula atsekedwa panjira, mbali ziwirizi sizidziwa kuti ziyenera kuchepetsa. Pa Linux yezani ndi `ping -M do -s 1472 seva`, pa Windows ndi `ping -f -l 1472 seva`. Nambala ya 1472 ndi 1500 kuchotsapo mabayiti 28 a mitu ya paketi. Ikakana, tsitsani nambalayo pang'onopang'ono mpaka itadutsa, wonjezanipo 28, ndipo zimene mwapeza ikani ngati MTU, malire a kukula kwa paketi, mwachitsanzo `sudo ip link set dev wlan0 mtu 1400`, mukusintha dzina la wlan0 kuti ligwirizane ndi la laputopu yanu. MTU ya WireGuard kawirikawiri imayamba ndi 1420, ndipo pa hotspot ina ndimaitsitsa mpaka 1280, imene ndi malire otsikitsitsa a IPv6.

Magetsi nawo ali ndi gawo lawo. Mu 2024, madzi atachepa kwambiri m'nyanja ya Kariba chifukwa cha chilala, malaiti ankapita maola ambiri patsiku, ndipo ambiri a ife tinazolowera kugwirira ntchito pa malo amene ali ndi jenereta. Pa masekondi apakati, magetsi atazima jenereta isanayake, rauta imazima n'kuyambiranso, mndandanda wake wa NAT umafufutika, ndipo kulumikizana konse kumafa ngakhale laputopu sinaphethire chifukwa ili ndi batire. Ngati SSH yanu imaduka nthawi imene mababu aphethira, chifukwa chake ndi chimenecho. Laputopu ikagona chifukwa mwaitseka kapena batire yatsika, zotsatira zake ndi zomwezo. Polumikiza foni ndimakonda chingwe cha USB kuposa hotspot ya Wi-Fi, chifukwa foni imachajidwa pomwepo ndipo siizimitsa kugawako pofuna kusunga batire. Kumbukiraninso kuuza laputopu kuti netiwekiyo ndi yolipira pa muyezo, chimene Windows imatcha metered connection. SSH imadya data yochepa kwambiri, koma bandulo ingathe mwakachetechete chifukwa cha mapulogalamu amene akudzikonza kumbuyo, ndipo inu n'kumafufuza vuto pa seva pamene data ndiyo yatha.

Laputopu yoyenda nayo ingatayike kapena kubedwa pa siteshoni, ndipo imanyamula makiyi a maseva onse. Pangani kiyi yakeyake ya laputopu imeneyo ndi `ssh-keygen -t ed25519`, ipatseni mawu achinsinsi, ndipo disiki yonse ikhale yotsekedwa ndi BitLocker, FileVault kapena LUKS. Ikasowa, mumangochotsa mzere umodzi mu `authorized_keys` pa seva iliyonse, makiyi a makompyuta ena osakhudzidwa.

Chomaliza ndi kudzitsekera panja nokha, kumene kumachitika kawirikawiri munthu akamakonza mavuto onsewa ali pa ulendo. Mukasintha `sshd_config`, lembani `sudo sshd -t` musanayambitsenso sshd, chifukwa lamuloli limaonetsa zolakwika za mu fayilo. Mukayambitsanso, musatseke windo limene mwalowa kale. Tsegulani lachiwiri n'kuyesa kulowa mwatsopano, ndipo loyambalo mulitseke lachiwiri litalowa. Posintha firewall ndimayamba ndaika lamulo lodzibweza, monga `echo "ufw disable" | sudo at now + 10 minutes` pa seva imene ili ndi pulogalamu ya at, kotero kuti ndikadzitsekera, khomo litseguka lokha pakatha mphindi 10, ndipo zikayenda bwino ndimalifufuta ndi `atrm`. Musananyamuke ku Lusaka, lowani kamodzi pa console ya pa browser ya kampani yosunga seva yanu, muone kuti mawu achinsinsi akugwira ntchito ndiponso kuti nambala yotsimikizira idzakufikani kumene mukupita. Ngati imabwera pa SMS ku nambala ya ku Zambia ndipo inu mukuwolokera ku Malawi popanda roaming, sinthirani ku pulogalamu ya pa foni yopanga manambala otsimikizira, ndipo manambala osungira muwalembe pa pepala limene simuliika m'chikwama chimodzi ndi laputopu.